Dzira la Nkhuku ndi Luso la Kujambula

M'midzi yozungulira Chipata nkhuku zili pakhomo lililonse. Koma ana ambiri a sukulu akauzidwa kujambula cithunzi, amangotengera ndeke kapena galimoto ya m'buku. Uku ndi kulakwa, pakuti cinthu codabwitsa koposa izi cili m'cisa ca thadzi kwao komweko.

Thadzi amafungatira mazira masiku 21. Pofika tsiku lacitatu mtima wa kamwanapiye uli kugunda kale, ndipo mitsempha yofiira imatambalala monga mizu ya mtengo. Pambuyo pace maso amaoneka, kenaka mlomo ndi nthenga. Mwana akapempha dzira limodzi kwa amace, naliunika ndi toci mumdima, angathe kuona mitsemphayo osaliswa. Koma ayenera kulibwezera msanga lisanazizire.

M'caka ca 1673 buku la Marcello Malpighi wa ku Italy linasindikizidwa ku London. M'menemo munali zithunzi za kukula kwa mwanapiye m'dzira, zimene iye anajambula atayang'anitsitsa ndi galasi lokuza zinthu, ndipo anthu amazitama kufikira lero. Makolo amene anajambula pa thanthwe la Thandwe, kufupi ndi Chipata, analibenso buku lotengerako.

Akulu amati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Cotero mwana wofuna kukhala mmisiri ayambe wayang'ana, ajambule pambuyo. Akatero adzakhala ndi zithunzi zacezace, zoyenera kukongoletsa mbiya kapena khoma la nyumba.