Galimoto Ikamakana Kulowa Rivesi

Pamakomo ambiri galimoto imagona itayang'ana khoma kapena mpanda, ndiye giya yoyamba kuifuna m'mawa ndi rivesi. Tsiku lina mumaponda klatchi, kukankha ndodo ya giya, koma m'malo molowa imangolira kuti khrrr. Ambiri timangolimbitsa dzanja, giya n'kulowa, nkhani n'kuthera pomwepo. Komatu kulirako ndi uthenga. Kawirikawiri rivesi ndiyo imayamba kuulula kuti klatchi yadwala, magiya enawo asanayambe kuvuta. Womvera msanga amawononga ndalama zochepa. Wonyalanyaza amadzatsitsa giyabokosi, kapena kulephera kutuluka pageti usiku umene mwana watentha thupi.

Chifukwa chiyani rivesi?

Magiya opita kutsogolo ali ndi timphete totchedwa synchro, timene timafananitsa liwiro la zitsulo mano asanalumane. M'galimoto zambiri, makamaka zakale, rivesi ilibe kamphete kotere. Kagiya kake kamangosunthidwa kuti mano ake alowe pakati pa mano a anzake, ndipo izi zimayenda bwino pokhapokha zonse za m'kati zitaima. Ntchito ya klatchi ndi kulekanitsa injini ndi giyabokosi. Ikamalekanitsa moperewera, zitsulo zimapitirira kuzungulira. Magiya akutsogolo amabisa vutolo kwa kanthawi chifukwa cha timphete tija, koma rivesi imakukuta mano.

Yambani ndi zosalira ndalama

Imitsani galimoto kotheratu, phazi lili pabuleki. Pondani klatchi mpaka pansi, muwerenge mpaka 3 musanagwire ndodo, pakuti zitsulo sizimaima nthawi yomweyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'ananinso kapeti, chifukwa ikakwinyika pansi pa pedulo imaletsa klatchi kufika pansi.

Ngati ndodo ikungokana mwakachetechete, popanda kulira, mwina mano angoyang'anizana nsonga ndi nsonga. Limeneli si vuto. Bwererani pa neutral, tulani klatchi, pondaninso, kenaka yesaninso. Njira ina ndi kulowetsa giya 1 kaye, n'kupita ku rivesi phazi lili pansi.

Zikakanika, zimitsani injini ndi kuyesa magiya onse. Akamalowa mofewa injini itazima, koma n'kumalira ikayaka, wolakwa ndi klatchi. Akamavuta ngakhale injini itazima, kayikirani zitsulo kapena makebulo ochokera kundodo kupita kugiyabokosi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko.

Yezani kampata ka pedulo

Kankhani pedulo ya klatchi ndi dzanja. Imayamba yayenda mopepuka, kenaka n'kulimba. Yezani ndi rula mtunda wopepukawo. M'galimoto zambiri umakhala pafupifupi sentimita 1 kapena 2, koma muyezo weniweni uli m'buku la galimoto yanu. Kampataka kakakula, mbali ina ya ulendo wa phazi imangopita pachabe, klatchi silekanitsa mokwanira, ndipo rivesi imalira. Kakatheratu, klatchi imaterereka: injini imabangula pachitunda koma galimoto osathamanga, mwina n'kumamveka fungo la kupserera.

Tsegulani boneti muone ngati klatchi yanu ndi ya kebulo kapena ya mafuta.

Ya kebulo imakhala ndi nati yosinthira, kawirikawiri kumapeto kwa kebuloyo pafupi ndi giyabokosi, ndipo nthawi zambiri pamakhala ina yoitsekera. Injini itazima ndi kuzizira, handibuleki itakokedwa, masulani yotsekerayo, tembenuzani yosinthira pang'onopang'ono, mukuyeza pedulo nthawi iliyonse. Mukafika pamuyezo, mangani yotsekera. Musakoke mpaka kampata kutha poganiza kuti mwakonza kwambiri, chifukwa mudzapsereza puleti ya klatchi. Kebulo ikayamba kuduka timawaya, sinthani, musaikokenso. Galimoto zina zili ndi kebulo yodzisintha yokha, yopanda nati.

Ya mafuta imagwiritsa ntchito mafuta a buleki, DOT 3 kapena DOT 4, monga zalembedwera pachitsekero. Oyilo wa injini asalowemo, amawononga malabala. Mafutawa akatsika ndiye kuti pena pakudontha. Gwirani kapeti kumtunda kwa pedulo, kumene kuli master cylinder, ndipo suzumirani slave cylinder pagiyabokosi. Ngati rivesi imalowa mukapopa pedulo kangapo, m'mapaipi muli mpweya kapena malabala atha, ndipo pafunika kubulida kapena kusintha malabalawo. Dziwaninso kuti m'galimoto zina klatchi ndi buleki zimamwa m'kabotolo kamodzi. Zikatero, kutsika kwa mafuta si nkhani ya giya yokha. Musanyamule banja mpaka makaniko ataona mabuleki.

Kampata kakakhala bwino, mafuta osadontha, koma kulira n'kumapitirira, vuto lili m'kati: puleti yopindika, pressure plate yotopa, kapena bearing yogwira. Apa giyabokosi iyenera kutsika. Poti ntchito yotsitsa ndiyo yaikulu, n'kwanzeru kusinthira pamodzi puleti, pressure plate ndi release bearing. Pitani kugalaja mukudziwa zimene mwayesa kale, ndipo pemphani kuona zitsulo zakale zimene achotsa.

Kumbuyo kuli ana

Pali chizolowezi china choopsa: kuzimitsa injini, kulowetsa rivesi, n'kuliza galimoto ili m'giya. Klatchi yosalekanitsa bwino ingachititse galimoto kudumphira m'mbuyo nthawi yomweyo. Mwana wa zaka 2 ataima kumbuyo kwa galimoto saoneka pagalasi, ndipo woyendetsa amene akulimbana ndi ndodo maso ake ali pansi. Taganizani pabwalo la tchalitchi mapemphero a Sabata atangotha, ana ali balalabalala pakati pa magalimoto. Musanabwerere m'mbuyo, zungulirani galimoto, ndipo ana aime pamene mukuwaona, wamkulu atawagwira dzanja. Kunyumba, zolowerani kuimika galimoto itayang'ana kugeti.

Mafuta a buleki ndi poizoni. Musawasunge m'botolo la chakumwa, ndipo akhale patali ndi ana. Musalowenso pansi pa galimoto imene yangokhala pajeke.

Ukapitawo sukhudza chakhumi chokha. Galimoto imene imatifikitsa kuchipatala, kumaliro ndi kumisonkhano ya misasa ndi chuma chimene taikizidwa, ndipo imanyamula miyoyo. Kuyeza pedulo ndi kusuzumira kabotolo ka mafuta ndi ntchito ya mphindi 5. Ichiteni kamodzi pamwezi, Lamlungu kapena Lolemba, kuti pakapezeka chovuta makaniko akhale ndi masiku okwanira, galimoto ibwere pakhomo dzuwa la Lachisanu lisanalowe.