Zengerezu ali m'thumba la mwana wanu

Lamulungu lafikanso. Sabata ino ndasankha kalata imodzi yokha pa mulu wa makalata omwe mwanditumizira, chifukwa nkhani yake ikugogoda pa makomo ambiri. Alemba ndi mayi ena a ku Kasungu, dzina ndabisa monga mwa masiku onse. Akuti:

"Agogo, ndithandizeni. Mwana wanga wachisamba adakhoza Fomu 4 ndi mapoyinti 13 ndipo adasankhidwa kupita kusukulu ya ukachenjede. Ine ndi bambo ake tidagulitsa mbuzi zitatu kuti timugulire foni yaikulu, poti adati masiku ano manotsi onse amabwera pa WhatsApp. Chaka choyamba adakhoza movutikira. Chaka chino walephera maphunziro atatu, ndipo akuti akapanda kukhoza mayeso obwereza amuchotsa sukulu. Panopa ali pakhomo patchuthi. Mabuku sakugwira, usiku wonse kumangowala foni m'chipinda mwake. Ndikamufunsa amati ayamba mawa. Bambo ake akuti timulande foniyo. Alamu anga akuti mwanayu adamulodza anthu anjiru. Kodi nditani?"

Mayi, choyamba pepani. Ululu wogulitsa chiweto kuti mwana aphunzire, kenaka n'kumamuona akuterereka, amaudziwa ndi kholo lokha. Koma ndalama zanu musapite nazo kwa sing'anga, ndipo musadane ndi achibale popanda chifukwa. Mwana wanu sadalodzedwe, nzeru zakenso sizidathe. Chomwe chamugwira ndi matenda akale omwe makolo athu adawapatsa dzina pomwe adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Chasintha n'choti zengerezu wa masiku ano amayendera batire ndipo amagona pansi pa pilo.

Tiyeni tione komwe mwanayu wachokera. Kusekondale, makamaka yogonera komweko, moyo wonse umayendera belu. Belu lodzukira, belu la m'kalasi, belu la nsima, belu la sitade ya usiku. Ukajomba, aphunzitsi akuitana dzina. Ukagona pa sitade, chibalo chikudikira. Mwana amakhoza bwino ndithu, koma amene amagwira chiwongolero ndi ena. Tsiku lomwe walowa pachipata cha UNIMA ku Zomba, MUBAS kapena KUHeS, LUANAR ku Bunda, Mzuni ku Mzuzu kapena MUST ku Thyolo, belu lija limathera pomwepo. Aphunzitsi amangoti ntchito iyi mudzapereke pakatha masabata anayi, basi. Palibe wodzamugwedeza m'mamawa, palibe wofunsa ngati wawerenga. Ambiri sagonanso m'mahositelo a pasukulu, amachita lendi tizipinda m'makomboni oyandikira. Ndiye taganizani: mwana wa zaka 18 yemwe sadadziyendetsepo yekha, mwamupatsa ufulu wonse ndi foni ya intaneti tsiku limodzi.

Vutoli si la kuno kokha. M'chaka cha 2007, katswiri wina wa ku University of Calgary m'dziko la Canada, Piers Steel, adasonkhanitsa kafukufuku wambirimbiri wa kuzengereza. Mwa zina, adalemba kuti ophunzira a m'makoleji pakati pa 80 ndi 95 mwa 100 alionse amazengereza, ndipo pafupifupi theka amatero kawirikawiri mpaka kuwabweretsera mavuto. Zaka khumi izi zisadachitike, mu 1997, Dianne Tice ndi Roy Baumeister a ku America adalondola ophunzira kwa teremu yonse. Ozengereza adali osangalala ndi opanda nkhawa kumayambiriro, koma pofika kumapeto ndi omwe adali ndi nkhawa zambiri, kudwaladwala, ndipo malikisi awo adali otsika. Kunena kwina, kuzengereza ndi katapira: lero ukondwa, mawa ubweza ndi chiwongoladzanja.

Tsono apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pomwe makolo ambiri timaphonya. Timati mwana wozengereza ndi waulesi. Nthawi zambiri si ulesi ayi, ndi kuthawa. Akatswiri ena awiri, Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl, adafotokoza mu 2013 kuti munthu amazengereza pofuna kuziziritsa mtima pa nthawiyo. Akatsegula buku la masamu lomwe sakulimva, mumtima mumabwera mantha, manyazi ndi kunyong'onyeka. Akatseka bukulo n'kutsegula TikTok, zonse zija zimazimiririka nthawi yomweyo. Mtima umaphunzira msanga kuti mankhwala a mantha ali m'thumba. Mawa mantha aja abwera atakula, iye athawiranso komweko. Mwana wanu, mayi, akamati ayamba mawa, sakunamizani mwadala. Iye mwini amakhulupiriradi kuti mawa adzadzuka ali munthu wina.

Nayo foniyo sidapangidwe mwachisawawa. Buku lili ndi tsamba lomaliza, nyuzipepala inonso mukafika kumasewero mumaipinda. Koma Facebook ndi TikTok zilibe pothera. Kanema akatha, wina wayamba kale musadapemphe. Makampani ake amapeza ndalama malinga ndi nthawi yomwe maso anu ali pagalasipo. Onjezani mabando otsika mtengo a usiku, magulu a WhatsApp osagona, ndi kubetcha mpira komwe kwameza anyamata ambiri, muona kuti mwanayo akulimbana ndi chinthu champhamvu. Ngakhale itangokhala chete patebulo, foni imaba maganizo. Mu 2017, Adrian Ward wa ku University of Texas ndi anzake adayesa anthu pafupifupi 800. Ena adaika foni patebulo chozondotsa, ena m'thumba kapena m'chikwama, ena m'chipinda china. Omwe adachita bwino koposa pa ntchito yofuna kuganiza ndi aja foni adaisiya m'chipinda china.

Ndiye kodi bambo akulondola kuti foni ilandidwe? Ndikuwamvetsa, koma ayi. Kuyambira pomwe sukulu zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mu Malichi 2020, maphunziro ambiri adalowa m'foni ndipo sadatulukemonso. Ndandanda wa makalasi, manotsi, uthenga wosintha tsiku la mayeso, zonse zimadzera momwemo. Kulanda foni kuli ngati kulanda khasu chifukwa mwana wadzitema nalo. Komanso mukalanda, mwangobwezeretsa belu la kusekondale lija. Akabwerera kusukulu inu kulibe, abwereka ya mnzake. Chomwe mwanayu akusowa ndi luso lodziyendetsa yekha pa maphunziro, ndipo luso limeneli limaphunziridwa monga momwe timaphunzirira kupalasa njinga.

Mphunzitsi wina wa ku New York, Barry Zimmerman, adathera zaka zambiri akufufuza ophunzira odziyendetsa okha. Adati amadutsa m'magawo atatu: kukonzekera asadayambe, kudziyang'anira ali mkati mwa ntchito, ndi kudziunika akamaliza. Mlimi aliyense wa ku Kasungu akudziwa kale zimenezi. Amasosa ndi kugalauza mvula isadagwe, amayendera munda kuona ngati mwalowa mbozi, ndipo akakolola amawerenga matumba n'kudzifunsa pomwe padalakwika. Palibe amamuimbira belu.

Kwa iwe mdzukulu wanga wa pakoleji, ngati mayi ako akupatsira tsambali, nazi zoti uyambe lero lomwe, osati Lolemba.

Yamba ndi kudziwa choonadi. Mafoni ambiri a Android ali ndi malo otchedwa Digital Wellbeing, a iPhone ali ndi Screen Time. Tsegula uone maola omwe wathera pafoni sabata yathayi, ndi pomwe wawathera. Ulembe nambalayo papepala. Ambiri akaona amagwira pakamwa.

Kenaka duladula ntchito. Mawu oti "ndiwerenga masamu" ndi phiri, n'chifukwa chake umathawa. Nena kuti: "Mawa 6 koloko m'mawa, ndikangosamba, ndikhala patebulo la pabalaza ndi kuwerengetsa mafunso asanu a mutu wachitatu." Nthawi, malo ndi ntchito yake zidziwike usiku usadagone. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Pokhala pansipo, foni ikhale kutali. Tsitsa manotsi omwe ukufuna, zimitsa data, foniyo ukaisiye m'chipinda china kapena uwapatse mayi akusungire. Mnyamata wina wa ku Italy, Francesco Cirillo, ali payunivesite chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 adalinso ndi vuto lako lomweli. Adatenga kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato n'kuyamba kudzitchera nthawi. Njira yake, yomwe pano imatchedwa Pomodoro, ndi yophweka: mphindi 25 kugwira ntchito osacheuka, mphindi 5 kupuma, ukachita kanayi upume kotalikirapo. Usadikire kuti mtima ufune. Chilakolako cha ntchito chimabwera ntchito itayambika, monga momwe thupi limatenthera uli kale pamzere.

Powerenga, usamangoyendetsa maso pamanotsi. Tseka buku, tenga pepala, lemba zomwe ukukumbuka, kenaka tsegula uone zomwe waphonya. Funafuna mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Kudzifunsa mafunso n'kowawa kuposa kuwerenga mobwereza, koma ndi komwe kumakhazikitsa zinthu m'mutu. Loweruka lililonse madzulo khala pansi mphindi khumi udzifunse: ndidalonjeza chiyani, ndachita chiyani, chidandisokoneza n'chiyani? Ngati tsiku lina wagwa, usadzitukwane mpaka kutaya sabata yonse. Dzuka, sasa fumbi, pitiriza.

Ndipo usafe ndi manyazi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ngati phunziro lakukanika, pita kwa aphunzitsi ako teremu ikadali pakati, peza anzako awiri kapena atatu olimbikira muzikumana nthawi yoikika, mafoni ali m'chikwama.

Tsopano kwa inu makolo. Mayi a ku Kasungu, khalani pansi ndi bambo poyamba mugwirizane chimodzi, kuti mwana asamve ziwiri. Kenaka muitaneni nthawi yabwino, osati pamaso pa ang'ono ake. Musayambe ndi mbuzi zija, akuzidziwa kale ndipo zikumudya mumtima. Mufunseni kuti: "Kodi chikukuvuta kwenikweni n'chiyani?" Mukatero khalani chete, mumvetsere. Mwina maphunziro omwe adamusankhira sakuwamva. Mwina amagona ndi njala kusukuluko. Mwina walowa m'ngongole za kubetcha. Mukaona kuti sakudya, sakusamba, akudzipatula kapena akulankhula zotaya mtima, imeneyo si nkhani ya foni chabe. Pitani naye kuchipatala akaonane ndi aphungu, musachedwe.

Ngati vuto ndi kuzengereza basi, muuzeni alembe yekha ndondomeko ya masiku omwe atsala kuti alembe mayeso obwereza, aimate pakhoma. Ikhale yake, osati yanu. Inu ntchito yanu ndi kumusungira foni pa maola omwe iye mwini wasankha, kumupatula ku ntchito zina za pakhomo m'mawa, ndi kumufunsa madzulo kuti zayenda bwanji. Usiku foni izigona pabalaza. Muuzeninso zoona zake za ndalama mosakalipa. Ngati amaphunzira pa ngongole ya boma, ya bungwe lija lidakhazikitsidwa mu 2015 loona za ngongole za ophunzira m'sukulu za ukachenjede, adziwe kuti ngongole ndi ngongole, idzafuna kubwezedwa. Akabwerera kusukulu, poimba foni musamangofunsa kuti ndalama zatsala zingati. Funsani kuti sabata ino wapereka ntchito yanji, nanga ikubwera ndi iti.

Sindingatseke osalankhula nanu inu maanja achinyamata. Ambiri mwa inu wina akugwira ntchito uku akuphunzira Loweruka ndi Lamulungu kapena maphunziro a patali. Bambo, ngati mayi a kunyumba ali ndi mayeso, nyamulani mwanayo, tsukani mbale, musakweze wailesi. Mayi, ngati bambo akuti akuwerenga koma mukumva kuseka kuchipinda, akumbutseni mwaulemu kuti fizi ija idachoka pa ndiwo za banja lonse. Gwirizanani maola awiri pa tsiku omwe nyumba yonse ikhala bata.

Ndipo kamwana kanu ka zaka zitatu kaja mumakapatsa foni kakangoyamba kulira, mukukaphunzitsa chiyani? Mukukaphunzitsa kuti mtima ukawawa, mankhwala ake ndi galasi lowala. Ndi phunziro lomwelo lomwe likumugwetsa mnyamata wa ku Kasunguyu lero. M'mera mpoyamba. Mwana azolowere kudikira pang'ono, kumaliza kantchito asadasewere, kusonkhanitsa yekha mabuku ake a mawa. Akafika Sitandade 5, musamamukhalire pakhosi pa homuweki. Mufunseni kuti ayamba nthawi yanji, ndipo muone ngati asunge mawu ake. Koposa zonse, ana amaonera ife. Simungauze mwana kuti asiye foni inu mukudya nsima dzanja limodzi lili pa Facebook.

Mayi a ku Kasungu, musataye mtima. Mwana yemwe adapeza mapoyinti 13 mutu ali nawo. Ayambe madzulo ano ndi mphindi 25 zokha, foni ili m'manja mwanu. Zotsatira zikadzatuluka mudzandilemberenso, ndidzakhala ndikudikira.

Enanu pitirizani kutumiza makalata anu. Tikumanenso Lamulungu likudzali, Chauta akalola.