MAI ASAOLOKE NYANJA YEKHA

Abale ndi alongo a nthambi yathu ya Mbungo, ndi inu nonse a ku Makulawe, ku Nkhwazi, ku Mbamba ndi ku Chizumulu amene mumabwereka pepala lino kwa anzanu:

Mwezi uno sitilemba za masankho kapena za kukwera mtengo kwa mafuta a injini, ngakhale tikudziwa kuti nkhani zimenezo zili pakamwa pa aliyense. Tilemba za nthenda imene amai athu amaibisa m'nsalu, imene madokotala amaitcha khansa ya m'mawere. Ena adzafunsa kuti, kodi nkhani ya bere yalowa bwanji m'pepala la ndale? Ife tikuyankha kuti ndale zimene sizifika pa mphasa pamene mai wagona akudwala ndi ndale za pakamwa chabe. Amene amayanika usipa pa thandala ndani? Amene amabviika chinangwa kuti tidye kondowole ndani? Amene amayamba kuima pa mzere tsiku la voti ndani? Ndi amai omwewa. Tsono ngati timawafuna tsiku la msonkhano, tisawaiwale tsiku la matenda.

Poyamba tinene zoona zake za nthendayi. Khansa ya m'mawere si ufiti, si chilango, ndipo sipatsirana. Mukhoza kudya mbale imodzi ndi wodwala, kumusambitsa ndi kumuchapira, osatenga kanthu. Sichokera ku ndalama kapena foni zimene amai amasunga pa chifuwa, monga ena amanenera kumadzi. Ndi tizigawo ting'onoting'ono ta thupi la munthu mwini wake timene tayamba kuchulukana mopanda malire nkupanga chotupa, ndipo chotupacho chikalekereredwa chimafalikira kukhwapa, ku mafupa, ku mapapo ndi ku chiwindi. Zizindikiro zake ndi izi: chotupa cholimba m'bere kapena m'khwapa, khungu la bere kuchita timaenje ngati khungu la lalanje, nsonga ya bere kulowa m'kati, magazi kutuluka pa nsongapo, chilonda chosapola. Zotupa zambiri za m'bere si khansa iai, koma wodziwa kusiyanitsa ndi dokotala, atadula kanyama kakang'ono ndi kukakapima. Chimene chimanyenga amai ambiri nchakuti poyamba chotupacho kawirikawiri sichipweteka. Mai amati, poti sichikuwawa ndiyambe ndakolola, ndiyambe ndapeza fizi ya mwana. Chikamadzawawa, nthawi yatha kale.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linawerenga kuti m'chaka cha 2022 amai 2.3 miliyoni anapezeka ndi nthendayi pa dziko lapansi, ndipo 670,000 anamwalira nayo. M'maiko olemera, mwa amai 10 opezeka nayo, 9 amakhala ali moyo patapita zaka 5. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amapita kukagwira nchito, amatsala 4 okha. Nthenda ndi imodzimodzi. Chosiyana ndi nthawi imene mai wafikira kwa dokotala, ndiponso ngati watsiriza chithandizo chake. Nchifukwa chake m'chaka cha 2021 bungwe lomwelo linaika miyeso itatu yoti maiko atsate: kuti mwa amai 100 odwala, 60 azipezeka nthenda ikadali yaing'ono, kuti mai azidziwa chimene akudwala asanathe masiku 60 chionekere ku chipatala, ndi kuti mwa amai 100 oyamba chithandizo, 80 azichitsiriza. Miyeso iwiri yoyambayo ndi ya boma ndi madokotala makamaka. Wachitatuwo, abale, uli m'manja mwathu ifenso.

Tiyeni titsate ulendo wa mai wa kuno. Amayambira ku chipatala cha St Peter's ku Chipyela. Kumeneko akaona kuti chotupa nchokaikitsa, amamulembera kalata yopita kutsidya. Adikire Ilala, sitima imene inayamba kuyenda pa nyanja ino m'chaka cha 1951, kapena boti lina lililonse, pakuti sitima sibwera tsiku ndi tsiku. Akatsika ku Nkhata Bay akwere galimoto kupita ku Mzuzu, ndipo mwina atumizidwanso ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 300. Kumeneko alibe munda, alibe nyanja, alibe mnansi wompatsa ufa. Chilichonse nchogula, ngakhale nkhuni.

Ndipo ulendowu si umodzi. Chithandizo cha khansa ya m'mawere chili ndi makwerero. Pali opaleshoni yochotsa chotupa kapena bere lonse. Pali mankhwala olowetsa m'mitsempha, amene kawirikawiri amaperekedwa kamodzi pa masabata 3 alionse, ka 6 kapena ka 8. Werengani nokha: mai wolandira ka 6, ngati abwerera kwao nthawi iliyonse, aoloka nyanja ka 12, ali wofooka, ali ndi nseru, mwina m'nyengo ya mwera wa June ndi July. Pali chithandizo cha makina chotchedwa radiotherapy, chimene chimafuna kuti wodwala azionekera tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo. Kwa zaka zambiri makina amenewa munalibe m'Malawi muno, ndipo odwala ochepa amwai ankatumizidwa kunja, monga ku India ndi ku Tanzania. M'chaka cha 2024 chipatala cha khansa chimene si cha boma chinatsegulidwa ku Blantyre, ndipo m'chaka cha 2025 boma linatsegula chake ku Lilongwe, pa Kamuzu Central. Ichi nchinthu chachikulu ndipo tikuchiyamika. Koma makina ali ku Lilongwe sathandiza mai amene wakhala pa mchenga ku Mbamba alibe ya tikiti. Pomaliza, kwa amai ambiri pali mapiritsi otchedwa tamoxifen, oti azimwa tsiku lililonse kwa zaka 5 kapena kupitirira, pamodzi ndi kukaonekera kwa dokotala pa masiku olembedwa m'kabuku ka kuchipatala.

Pa kwerero lililonse pali pamene mai angagwere. Wina amathawa atamva kuti adula bere. Wina amaleka atalandira mankhwala kawiri, poona tsitsi likuthothoka, naganiza kuti mankhwalawo akumupha. Wina amatsiriza zonse, bala nkupola, naona kuti wachira, nkusiya mapiritsi ndi masiku oonekera. Wina sakana kanthu, koma ndalama zatha basi. Onsewa sanagwe chifukwa cha umbuli kapena ulesi. Agwa chifukwa anali okha.

Apa ndi pamene tikuona mphamvu ya amai. Dokotala ali ndi mzere wa anthu pakhomo, ndipo amalankhula ndi wodwala mphindi zochepa. Koma mai amene anadutsamo angakhale ndi mnzake pa khonde mpaka dzuwa kulowa. Angachotse duku namuonetsa kuti, taonani mai, tsitsi linamera. Angamuuze kuti nseru imatha pakapita masiku, kuti adye pang'onopang'ono ndi kumwa madzi ambiri. Angamuonetse mmene amakwezera dzanja pa khoma tsiku ndi tsiku kuti phewa la mbali yochitidwa opaleshoni lisaume, ndi kumuchenjeza kuti dzanja likayamba kutupa akanene ku chipatala. Angamuuze chinthu chimene chapulumutsa ambiri: kuti mankhwala a m'mitsempha amachepetsa asilikali a m'thupi, motero thupi likatentha m'masabata amenewo asadikire kuche kawiri, apite ku St Peter's tsiku lomwelo atanyamula kabuku kake. Mau amenewa akachokera kwa munthu amene ali ndi chipsera chake pa chifuwa amalowa msanga kuposa a wina aliyense.

Dziko lathu linaona kale chitsanzo chotere. Mai Blandina Khondowe, amene anali Miss Malawi m'chaka cha 2002, atapezeka ndi nthendayi sanabisale. Anayambitsa gulu la Think Pink Malawi, nalankhula poyera za matenda ake, nalimbikitsa amai anzake kukapimitsa, nakumbutsa boma kosalekeza za kusowa kwa chipatala cha khansa. Anamwalira m'chaka cha 2020 asanaone makina aja akugwira nchito m'dziko muno. Ndipo tikabwerera m'mbuyo, tikumbuke Mai Rose Chibambo, amene nkhope yao ili pa ndalama ya K200. Iwo anasonkhanitsa amai m'masiku a chitaganya, ndipo m'chaka cha 1959 anatsekeredwa m'ndende ali ndi khanda m'manja. Amai a dziko lino sanayambe adikirapo kuti wina awapatse chilolezo chothandizana. Pa chilumba chino tikudziwa mmene amai a Mothers' Union ndi a mipingo ina amathamangira pa maliro, wina ndi ufa, wina ndi nkhuni, wina ndi ndowa ya madzi. Ife tikuti changu chomwecho chibwere munthu akadali moyo. Nkhuni za pa maliro zikadabwera miyezi 6 m'mbuyomo ngati ndalama ya tikiti, mwina maliro sakadachitika.

Kwa inu abambo tili ndi mau, ndipo sitiwazungulira. Pali amuna amene amakaniza akazi ao opaleshoni, ati mkazi wa bere limodzi si mkazi. Pali ena amene mkazi akangokwera sitima, iwo ayamba kuyang'ana khomo lina. Munthu wotere asadzaime pa msonkhano wa nthambi ino nkumalankhula za ufulu ndi chitukuko. Munakwatira munthu, simunakwatire bere. Ndalama ya usipa wa usiku umodzi wabwino ikhoza kufikitsa mkazi wanu ku Mzuzu. Ndipo dziwani kuti nthendayi imagwiranso amuna, ngakhale ochepa. Mwa odwala 100, pafupifupi mmodzi ndi mwamuna.

Za mapemphero ndi zitsamba tinenanso mosabisa. Pemphero limalimbitsa mtima ndipo sitiletsa munthu kupemphera. Koma aliyense amene auza mai kuti ataye mankhwala a kuchipatala chifukwa wachira kale, kapena kuti ateme mphini pa chotupa, akudya nthawi imene maiyo alibe.

Tsono mutu umodzi susenza denga. Ife tikuika mfundo izi pamaso pa nthambi, kuti zikambidwe pa msonkhano ukudzawu ndi kubvomerezedwa.

Choyamba, mai aliyense wotumizidwa kutsidya chifukwa cha bere akhale ndi womperekeza. Ngati kwao kulibe woti apite, amai a nthambi asinthane, ulendo uno uyu, ulendo winawo uyo.

Chachiwiri, pakhale thumba la ulendo. Amai athu amadziwa kale kuyendetsa banki mkhonde ndi chipereganyu, ndipo safuna wowaphunzitsa. Thumbali lisungidwe ndi amai eni ake, ndalama zolowa ndi zotuluka ziziwerengedwa poyera mwezi ndi mwezi, ndipo abambo asonkhe nao. Lithandize mai aliyense wa m'mudzi muno osafunsa khadi ya chipani kapena mpingo wake, pakuti khansa sifunsa zimenezo.

Chachitatu, pakhale mai mmodzi wodziwa kulemba woti azisunga masiku. Wodwala akalola, iye alembe tsiku loonekera ku chipatala, aliyerekeze ndi masiku a sitima, ndi kukumbutsa nthawi ikadalipo. M'nyengo ya mwera kuli bwino kunyamuka msanga kusiyana ndi kuphonya mankhwala. Nchito imeneyi isathe bala likapola. Ipitirire zaka zonse za mapiritsi.

Chachinai, nyumba yotsala isazime moto. Mai sangagone mtima uli m'malo ku Lilongwe akudziwa kuti ana sanadye ndipo mbuzi zalowa m'munda wa chinangwa. Anansi agawane: wina madzi, wina nkhuni, wina kuona kuti ana apita ku sukulu.

Chachisanu, tikupempha ana a Likoma amene ali pa nchito ku Nkhata Bay, ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuti atsegule zitseko zao. Mphasa ya usiku uwiri ndi mbale ya phala ndi thandizo lalikulu kwa munthu amene watsika basi usiku m'mzinda wachilendo.

Chachisanu ndi chimodzi, chinsinsi cha wodwala nchake. Amene wauzidwa asapite nacho kumadzi kapena kumsika. Miseche ndi imene imachititsa amai kubisa chotupa mpaka chitaphulika.

Chachisanu ndi chiwiri, nthambi ilembe kalata kwa phungu wathu, ku khonsolo ya Likoma ndi kwa Mfumu Mkumpha, kupempha zinthu zitatu: kuti odwala khansa otumizidwa kutsidya azithandizidwa pa mayendedwe, kuti zotsatira za kupima zizitumizidwa kuno, mai asaoloke nyanja kukangotenga pepala, ndi kuti mapiritsi a zaka 5 aja pamodzi ndi mankhwala oletsa ululu azipezeka pa chilumba pano nthawi zonse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 m'boma la Likoma. Ndife ochepa, koma ndife Amalawi mofanana ndi okhala pafupi ndi msewu wa tala.

Tisaiwale aja amene nthenda inapezeka mochedwa ndipo madokotala anena kuti siingachotsedwe. Amenewanso ali ndi gawo lao. Ululu uli ndi mankhwala ake, monga morphine wakumwa, ndipo kupempha mankhwalawo si kutaya mtima. Bala lifuna wolitsuka, ndipo munthu afuna wocheza naye. Mai amene anatiphikira pa misonkhano zaka zonsezi asatsirize masiku ake m'chipinda chotseka chifukwa anthu akuopa fungo.

Amai, mukamasamba madzulo ano, gwirani mawere anu ndi m'khwapa momwe. Mukapeza chachilendo, uzani mnzanu mmodzi amene mumamkhulupirira, ndipo mawa mupite naye ku chipatala. Inu amene mwauzidwa, bvalani nsalu yanu mumperekeze. Ndipo pa msonkhano ukudzawu aliyense abwere ndi kangachepe ka thumba la ulendo, abambo patsogolo.