ZA M'NYUMBA YA MKRISTU: Chipinda cha Utoto Umodzi

Mvula yatha, mtedza wauma, fodya wagulidwa, ndipo m'midzi yathu ya kwa Mkanda anthu ayamba kukonza nyumba zao. Ena, makamaka anyamata amene anaona nyumba za ku Lilongwe ndi za ku Chipata, alikufuna kupaka chipinda chonse utoto umodzi wowala, wofiira kapena wobiriwira, kuyambira pansi kufikira kudenga. Tiyeni tiiganizire bwino nkhani imeneyi ndalama zisanatuluke m'thumba.

Kukonda utoto si tchimo ai, ndiponso si chinthu chachilendo kwathu kuno. M'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, muli zithunzi zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Amai athu akhala akuzira nyumba ndi katondo, ndi mtsiro wakuda wa kudambo, ndi dothi loyera. Ngakhale Eklezia, mai wathu, amatiphunzitsa ndi mitundu: wansembe avala zoyera pa Pasaka, ndi zofiira pa Pentekoste ndi pa tsiku la Karoli Lwanga ndi anzake, amene anatenthedwa ku Namugongo pa 3 June 1886. Koma taonani: wansembe avala zofiira m'mawa, Misa itatha azivula, khoma lanu silidzavula utoto wake kwa zaka zambiri. Chifukwa chake musafulumire.

Poyamba ganizirani za kuwala. Khoma loyera libweza kuwala, koma lofiira kwambiri kapena lakuda limeza. Zipinda zathu ziri ndi mazenera aang'ono. Mukazidetsa, mwana wa sukulu adzavutika kuwerenga, agogo sadzaona ulusi ndi singano, ndipo nyali idzayatsidwa dzuwa lisanalowe. Udzudzu wopatsa malungo ukonda kubisala m'malo a mdima, ndipo nsikidzi sizioneka msanga pa khoma lodera. M'chipinda chogona ana, njereza ndiyo yabwino koposa: mtengo wake ngwochepa, ndipo muikonzanso chaka ndi chaka.

Chachiwiri, yang'anani khoma lanu. Penti wa mafuta sagwirizana ndi khoma lomata ndi dothi: atsekera chinyezi m'kati, ndipo mvula ikabwera ayamba kusupuka. Khoma lotere lifuna dothi linzake kapena njereza. Khoma la simenti lipatseni masabata angapo kuti liume. Werenganinso ndalama: chipinda cha mamita 3 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2 ndi theka msinkhu chiri ndi makoma okwana masikweya mita 30, lita imodzi ipaka pafupifupi 10, ndipo utoto wowala suoneka bwino mukapaka kamodzi kokha. Mudzagula tsono malita 6, osati 3.

Chachitatu nchachikulu. Penti wina wa mafuta, makamaka wofiira ndi wachikasu, amakhala ndi mtovu. Akakalamba asanduka fumbi, mwana wokwawa alidya ndi zala zake, ndipo mtovu uononga nzeru zake osabwereranso. Funsani kusitolo penti wopanda mtovu. Popaka tsegulani zitseko ndi mazenera, ndipo amai apakati ndi makanda asagone m'menemo fungo lisanathe. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukakondabe utoto umodzi, yambani kupaka kachigawo kakang'ono, mukayang'ane m'mawa, masana ndi usiku pa nyali. Mukakhutira, pakani pabalaza pamene pali kuwala kokwanira, ndipo denga likhale loyera.

Koma inu abambo, musabwere ndi zitini modzidzimutsa. Amai ndiwo akhala m'nyumbamo tsiku lonse, ndiwo aisesa ndi kuizira. Khalani nao pansi mupangane, pakuti mutu umodzi susenza denga. Muyambe mwapatula za sukulu, za mbeu ndi za mankhwala. Zotsala ndizo za utoto. Ndipo mukatha ntchito, bwezani mtanda ndi chithunzi cha Banja Loyera pamalo pake, muitane ana, mupemphere Korona m'chipinda chatsopanocho, kuti Mulungu amene anakupatsani zokolola adalitsenso okhala m'menemo.