Tisiyireni Njira ya ku Gombe: Kalata Yotseguka kwa Nduna Yoona za Zokopa Alendo

Olemekezeka a Nduna,

Kalatayi ndailemba poyera chifukwa nkhani yake ikukhudza anthu ambiri amene sangafike pakhomo la ofesi yanu ku Lilongwe: asodzi a ku Msaka ndi ku Chembe, amayi otsuka mbale pa Senga Bay, ana a sukulu a ku Dedza ndi ku Mzimba omwe nyanja amangoiloza pa mapu. Pempho langa ndi lakuti gombe la Nyanja ya Malawi lisatsekedwe. Mmalawi wopanda ndalama ya chipinda cha loji apeze polowera, pokhala ndi posambira popanda mlonda kumufunsa kuti akufuna ndani.

Zimene unduna wanu umasunga m'malo mwa tonsefe n'zazikulu. Nyanjayi ndi yotalika makilomita pafupifupi 580, ndipo chakumpoto imazama mpaka mamita 700. Kuyambira ku Nkopola m'boma la Mangochi, kudzera pa Senga Bay ku Salima, kufika ku Kande ndi ku Chintheche kumene mchenga uli mbee, mpaka ku Chitimba kunsi kwa phiri la Khondowe, gombe lililonse lili ndi nkhope yakeyake. Ku Likoma milambe imaima pafupi ndi madzi, ndipo wotsika sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjapa kuchokera mu 1951, amayenda pang'ono n'kufika pa tchalitchi chachikulu cha St Peter's.

Koma kumene mtima wanga umathamangira ndi ku Cape Maclear. Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linailemba m'kaundula wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Chifukwa chake chachikulu ndi tinsomba timene asodzi athu sankatiwerengera n'komwe, mbuna. Nyanja yathu ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banja limeneli, kuposa nyanja ina iliyonse, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina. Munthu akavala magalasi osambirira n'kuviika nkhope m'madzi pa miyala ya chilumba cha Thumbi, amaona zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere zikudya ndere pamwala, zina zikubwera mpaka pa zala zake. Mbuna yaikazi imafungatira mazira m'kamwa, ndipo pali mitundu imene imakhala pa gulu limodzi la miyala basi, osawoloka mchenga kupita pa miyala ina. Pamwamba pa madziwo nkhwazi imadikira pamtengo. Mnyamata wopalasa bwato akaimba mluzu n'kuponya nsomba, imatsika n'kuitola ndi zikhadabo alendo akuonerera kukamwa kuli yasa. Wamwayi amaona katumbu pa Otter Point, ndipo anyani ndi ng'azi ndiye osasowa. Chapafupi pomwepo pali manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875, malungo n'kuwasamutsira ku Bandawe mu 1881.

Ndi ana angati a sukulu za boma m'boma la Mangochi lomwelo amene anaonako mbuna ili m'madzi? Funso limeneli ndi limene landilembetsa kalatayi.

Alendo amene timawafuna ali ndi kwina kopita, a Nduna. Okonda kuima pa thabwa n'kukwera mafunde amapita ku Jeffreys Bay ku South Africa kapena ku Tofo m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, kumenenso amasambira pafupi ndi nsomba zikuluzikulu za m'nyanja yamchere ndi kuona anangumi m'miyezi yozizira. Mafunde otere ife tilibe, ndipo tisamadzinamize pa zotsatsa malonda. Mwera ukalusa pakati pa Meyi ndi Ogasiti mafunde amakula ndithu, koma mphepo imeneyo imayenera maboti a matanga, ndipo kwa msodzi wa bwato ndi nthawi ya mantha. Chathu ndi madzi opanda mchere, ofunda, oonekera mpaka pansi, ndi nsomba zosapezeka kwina. Chathunso ndi mudzi umene uli pagombe pomwepo, mabwato atandandalika, usipa uli pathandala, nyali za asodzi zikuyaka panyanja usiku. Mlendo amene wawoloka nyanja zamchere kudzafika kuno amadzaona zimenezi. Makoma a njerwa ali nawo kwawo.

Komatu makomawo ndi amene akuchuluka. Yendani mumsewu wochoka pa Mangochi boma kulowera ku Monkey Bay, kapena m'mbali mwa Senga Bay, muone mmene mipanda yalumikizirana: loji, nyumba yopumulirako ya kampani, nyumba ya bwana wa m'tauni imene imakhala yotseka miyezi yambiri pachaka, kenako loji inanso. Malo ena mpanda umatsetsereka mpaka kulowa m'madzi, kuti ngakhale woyenda pamchenga asadutse. Mayi amene agogo ake ankatunga madzi pamalo amenewo tsopano amazungulira ulendo wautali, ndowa ili pamutu, kufunafuna kampata kotsala pakati pa makoma awiri. Asodzi amapanikizana pa dooko limodzi lotsala, makoka, zinyalala ndi ana osamba zonse pamodzi, kenako timawanena kuti ndi auve. Banja lochokera ku Lilongwe limene lasonkha ya minibasi limafika n'kupeza kuti kungoponda mchenga n'kolipira pageti, munthu aliyense payekha.

Sindikudana ndi eni malo ogona alendo. Ambiri analemba ntchito abale athu, amagula chambo ndi kampango kwa asodzi a pomwepo, amakhoma msonkho, ndipo ena amasesa gombe kuposa mmene khonsolo imachitira. Mlendo wogona pamalo awo ayenera kutetezedwa, katundu wake asabedwe, asavutitsidwe ndi ogulitsa ziboliboli pamene akufuna kupuma. Zonsezi n'zotheka mpanda utaima patali ndi madzi. Chimene ndikukana ndi chakuti wogula puloti aziyesa kuti wagulanso mchenga ndi nyanja yomwe.

Abale athu ambiri amene amagwira ntchito ku Cape Town amadziwa kuti zinthu zingathe kukhala mwina. Lamlungu amakwera sitima yapamtunda kupita ku Muizenberg, n'kukakhala pamchenga womwewo umene pali olemera ndi ana ophunzira kukwera mafunde, popanda geti. Sizinali choncho kale. Mu Ogasiti 1989 Akibishopu Desmond Tutu anatsogolera anthu kukaponda gombe la Strand, limene linali la azungu okha, apolisi atalizinga ndi agalu. Lamulo losankha mitundu pamalo otere linathetsedwa mu 1990, ndipo mu 2008 dzikolo linakhazikitsa lamulo lonena kuti gombe ndi la nzika zonse, boma limangolisunga m'malo mwawo, komanso kuti makhonsolo azipatula njira zofikira kunyanja. Kwathu kuno mpanda susankha khungu, umasankha thumba, koma wotsala kunja amamva kuwawa komweko. Zimandipweteka kuti mwana wa ku Mangochi akhale womasuka pagombe la eni ake kuposa pagombe la kwawo.

Nyanja yomweyo inatichenjeza mu 2024. Madzi anakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, n'kulowa m'zipinda za malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay. Ena anadandaula kuti zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zitsegulidwe kwambiri, pamene kutero kukanaika pachiswe anthu a kuchigwa cha Shire. Akuluakulu oyang'anira madzi anakumbutsa kuti pansi pa mzere wa mamita 477 sipayenera kumangidwa. Mzere umenewo ndi mwayi wanu, a Nduna. Ukalemekezedwa, umateteza chuma cha womanga loji, ndipo nthawi yomweyo umasiya mchenga wa aliyense pakati pa khoma ndi madzi. Khalani pansi ndi anzanu a unduna wa zamalo, a zamadzi, mabwanamkubwa ndi mafumu, kuti chilolezo cha loji yatsopano chisatuluke ngati pulani yake ilibe njira ya anthu yopita kugombe, ndipo amene akukonzanso zogumuka abwerere m'mbuyo.

Kutsegula kokha sikukwanira. Gombe lopanda chimbudzi ndi gombe la matenda. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Pa madooko ambiri pamagona asodzi ndi ogula nsomba mazanamazana nyengo ya usipa, zimbudzi zili zowerengeka, mwinanso palibiretu. Mumchenga chimbudzi wamba chimagumuka, choncho pamafunika chomanga bwino, ndipo chimenecho mudzi paokha sungachikwanitse. Mlendo aliyense wogona m'malo ovomerezeka amalipira msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti. Gawo lake libwerere kumene linachokera, likamange zimbudzi, mipope ndi motaya zinyalala pa madooko. Majumbo opyapyala analetsedwa mu 2015 ndipo Khothi la Suprimu linavomereza chiletsocho mu 2019, koma mwera ukaomba amadzaza gombe mpaka lero.

Nkhani ya likodzo ndiyo imaonetsa bwino kuti usodzi, umoyo ndi zokopa alendo ndi mtolo umodzi. Akatswiri amene anafufuza pa Chembe anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka okokera kumtunda, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka, ndipo matendawa anakula pakati pa ana a m'mudzimo. Lero mlendo asanabwere amachenjezedwa kwawo za likodzo la m'Nyanja ya Malawi, ena n'kusintha ulendo. Amene wabwera akabwerera kwawo amakamwa mankhwala n'kuchira. Mwana wa pa Chembe amalowanso m'madzi omwewo mawa lake. Neti yotetezera udzudzu ikasanduka khoka imakokolola ndi tiana ta chambo tomwe, ndipo chambo chinalembedwa kale mu 2018 m'gulu la nsomba zimene zili pangozi yaikulu yotheratu.

Wina anganene kuti anthu a m'midzi ndiwo owononga, choncho kuwatsekera kunja n'kuteteza nyanja. Amene akutero apite ku chilumba cha Mbenji ku Salima. Kumeneko, pansi pa ulamuliro wa Mfumu Yaikulu Makanjira, asodzi amachoka pachilumba nyengo ya dzinja kuti utaka uswane, ndipo amabwerera pokhapokha mfumu ikatsegula ndi mwambo wake. Dongosololi lakhalapo zaka makumi ambiri, likuyendetsedwa ndi eni ake. Anthu amasamala chimene akuchiona kuti n'chawo. Midzi imene ili m'kati mwa paki, monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo, iziona ndi maso phindu la ndalama zolowera m'pakiyo, ndipo makomiti a m'mbali mwa nyanja apatsidwe mphamvu ndi zipangizo zenizeni. Anyamata operekeza alendo, amene ambiri amawanyoza, amadziwa mwala uliwonse wa pa Thumbi ndi pa Domwe. Aphunzitsidwe, apatsidwe ziphaso, ena mwa iwo alembedwe ntchito yopulumutsa omira.

Opulumutsawo akufunika mwamsanga. Pa Tsiku la Anakubala, pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano, mabasi ndi malole amatsikira kunyanja atadzaza makwaya, magulu a amayi ndi achinyamata, ambiri osadziwa kusambira. Pafupifupi chaka chilichonse timamva za wina amene sanabwerere kwawo. Gombe la anthu onse likhale ndi zizindikiro zoonetsa polekezera osambira, munthu wolondera amene ali ndi boti ndi majekete oyandamitsa, ndi chikwangwani cha m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitonga chochenjeza kumene kumapezeka ng'ona ndi mvuu.

Masomphenya a Malawi 2063 amatchula zokopa alendo ngati imodzi mwa njira zotukulira chuma chathu, ndipo ndikuvomereza. Koma mlendo wakunja amatha kusowa, monga tinaonera mu 2020 ndege zitaima chifukwa cha Covid-19. Amene anatsala n'kumagona m'malo aja, ngakhale mochepa, anali Amalawi. Mwana amene waona mbuna lero paulendo wa sukulu ndiye adzabwere ndi banja lake akadzayamba kulandira malipiro, ndipo ndiye adzakane wina akadzafuna kuthira zoipa m'nyanjamo.

Choncho ndikupemphani chinthu chimene chingayambike popanda kudikira thandizo lakunja. Tsiku la Anakubala likudzali, pa 15 Okutobala, lisanafike, lengezani magombe atatu a anthu onse, lina ku Mangochi, lina ku Senga Bay, lina ku Chintheche. Malire ake alembedwe m'gazeti ya boma kuti wina asadzawagulitse mtsogolo, ndipo lililonse likhale ndi njira yochokera kumsewu, zimbudzi ndi wopulumutsa omira. Musanasankhe malowo, pitani Loweruka lina popanda mdipiti wa galimoto, muyende wapansi kuchokera kumsika wa pa Senga Bay kulowera kumadzi, ndipo mufunse amayi amene mukumane nawo kuti njira yawo yakale inali pati.

Ine wanu mwaulemu,

Mmalawi wokonda nyanja yake