Anawelenga zaka 5, tsopano akumva za 10 ndi 15: zimene Britain ikusintha kwa abale athu ogwila nchito kunja

M'mipingo yathu muli agogo amene akulela adzukulu cifukwa mai wa anawo anapita ku Britain kukagwila nchito. Muli azibambo amene atha nyengo ziwili za mvula akuona nkhope za akazi ao pa foni cabe. Mabanja amenewa akhala akupilila cifukwa anali ndi ciwelengelo m'mutu: zikatha zaka 5, wacibale uja adzalandila cilolezo cokhazikika m'dziko lija, ndipo banja lidzakhalanso pamodzi. Ciwelengelo cimeneco cagwedezeka tsopano, ndipo taona kuti ndi bwino tifotokoze mwadongosolo zimene zasintha kale, zimene zikali kukambidwa, ndi zimene banja lililonse liyenela kulingalila.

Njila imene inalipo

Munthu wa luso amene afuna kukagwila nchito ku Britain amafunika coyamba kupeza wolemba nchito amene ali ndi laisensi yocokela ku Home Office, unduna woona za anthu olowa ndi kutuluka m'dzikolo. Wolemba nchitoyo amapeleka nambala ya cikalata cochedwa Certificate of Sponsorship, ndipo ndi nambala imeneyo munthu amafunsila viza ya Skilled Worker. Mu 2020 boma la Britain linatsegula nthambi ina ya viza yomweyo, Health and Care Worker, ya madokotala, manesi ndi ena ogwila nchito za umoyo. Mu February 2022 linaonjezapo osamalila okalamba ndi odwala m'nyumba. Apa ndi pamene khomo linatseguka kwa ambili a kuno kwathu, a ku Zimbabwe, a ku Nigeria ndi a ku India.

Pa njila imeneyi, munthu akakhala zaka 5 mosalekeza amafunsila cilolezo cokhazikika, cimene amacicha Indefinite Leave to Remain. Zofunika zake ndi izi: asakhale kunja kwa Britain masiku opitilila 180 pa miyezi 12 iliyonse, akhale akali pa nchito ya malipilo ovomelezeka, apambane mayeso ochedwa Life in the UK, ndipo alipile ndalama imene mu April 2025 inaikidwa pa £3,029 pa munthu mmodzi, ngakhale mwana. Akalandila cilolezoco sakhalanso womangika kwa wolemba nchito mmodzi, ndipo pakapita miyezi 12 angafunsile unzika. Mkazi kapena mwamuna wake, ndi ana osakwana zaka 18, anali kuloledwa kupita naye ndi kuwelenga zaka zao limodzi.

Zimene zasintha kale

Ciwelengelo ca anthu olowa m'dzikolo, mutacotsapo otuluka, cinapitilila 900,000 pa caka cimodzi mu 2023. Nkhaniyi inakhala ya ndale, ndipo maboma awili otsatizana, la Conservative ndi la Labour, onse anayamba kutseka makomo.

Kucokela pa 11 March 2024, wosamalila okalamba amene wangofunsila viza saloledwanso kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Amene analowa tsikulo lisanafike anasiyidwa ndi ufulu wao. Mu April 2024, malipilo ocepetsetsa a viza ya Skilled Worker anakwezedwa kucoka pa £26,200 kufika pa £38,700 pa caka, ngakhale kuti nchito za umoyo zili ndi muyeso wake wotsikilapo. Mwezi womwewo, ndalama imene munthu wokhazikika ayenela kupeza pa caka kuti aitane mkazi kapena mwamuna wake inakwela kucoka pa £18,600 kufika pa £29,000.

Mu May 2025 boma la Keir Starmer linatulutsa cikalata ca ndondomeko yatsopano, ndipo zina mwa zolembedwamo zinayamba kugwila nchito pa 22 July 2025. Kucokela tsikulo, kulemba osamalila okalamba kucokela kunja kunatsekedwa. Amene ali kale m'dzikolo angaonjeze viza yao kapena kusintha wolemba nchito. Nchito zambili za viza ya Skilled Worker tsopano ziyenela kukhala za mlingo wa digili, ndipo malipilo ocepetsetsa anafika pa £41,700. Manesi olembetsedwa ndi bungwe la Nursing and Midwifery Council akali ndi njila yao, ndipo akali kuloledwa kupita ndi mabanja.

Mfundo imodzi tiinene mosabisa: wina aliyense amene akuuzani lelo kuti angakupezeleni viza ya usamalili wa okalamba ku Britain muli kuno ku Zambia, akunama. Njila imeneyo inatsekedwa.

Zimene zikali kukambidwa

Pa 20 November 2025, nduna ya Home Office, Shabana Mahmood, inapeleka malingalilo akuti cilolezo cokhazikika cizikhala cinthu cimene munthu acigwilila nchito, osati cobwela cokha zaka zikakwana. Boma linalandila maganizo a anthu pa nkhaniyi mpaka pa 12 February 2026. Conco zimene tikuchula apa ndi malingalilo amene boma linapeleka panthawiyo, zisanakhale lamulo, koma zikuonetsa kumene mphepo ikulowela.

Muyeso watsopano ndi zaka 10 m'malo mwa 5. Pa zaka 10 zimenezo, ena adzacotseledwa ndipo ena adzaonjezeledwa. Wolandila malipilo opitilila £50,270 pa caka angabwelele pa zaka 5, ndipo wopitilila £125,140 angakhazikike pa zaka 3. Madokotala ndi manesi a zipatala za boma akuyembekezeka kukhalabe pa zaka 5, monganso okwatilana ndi nzika za Britain. Koma amene analowa pa nchito zosafika pa mlingo wa digili, monga osamalila okalamba, akuganizilidwa kuti adikile zaka 15. Amene analandilapo thandizo la ndalama la boma angaonjezeledwe zaka zina. Cingelezi cofunika cidzakwezedwanso. Cowawa kwambili ndi cakuti boma likufuna kuti malamulowa akhudze ngakhale amene ali kale m'dzikolo koma sanalandile cilolezo cokhazikika, ngakhale kuti linafunsa ngati pangakhale kuwaganizilako.

Pambali pa izi, cipani ca Reform UK ca Nigel Farage cinanena mu September 2025 kuti cikadzalowa m'boma cidzathetselatu cilolezo cokhazikika. Zimenezi zikutiuza kuti nkhaniyi sidzatha ndi cigamulo cimodzi.

Tanthauzo lake pa banja

Tiyeni tiwelenge pamodzi. Tinene kuti mai anapita mu April 2024 kukasamalila okalamba, nasiya mwana wa zaka 8 kwa agogo. Lamulo silinamulole kutenga mwanayo. Ciyembekezo cake cinali cakuti mu 2029 adzakhazikika, mwana ali ndi zaka 13, ndipo adzamuitana. Ngati zaka 15 zidzavomelezedwa, adzakhazikika mu 2039, mwana ali ndi zaka 23. Pa msinkhu umenewo, malamulo a Britain samuwelenganso ngati mwana woyenela kutsatila kholo. Ubwana wonse udzakhala utatha pa foni.

Ngakhale zaka zikakwana, pali zipata zina. Malipilo ocepetsetsa a wosamalila okalamba pa viza anaikidwa pa £25,000 mu April 2025, pamene oitanila mwamuna kapena mkazi ndi £29,000. Kuti afike pamenepo, ambili adzafunika maola oonjezela, nchito yapamwambako kapena ndalama zosunga. Ndiponso kholo limodzi likafuna kuitana mwana pamene kholo lina latsala kuno, kawili-kawili liyenela kuonetsa umboni wakuti ndilo lokha limene lakhala likulamulila za moyo wa mwanayo: sukulu, cipatala, ndi kumene akhala. Kutumiza ndalama cabe sikukwanila. Kunena za makolo okalamba, njila yowatengela ku Britain ndi yopapatiza kwambili, moti banja lisaikepo mtima.

Cina ndi ici: zaka zonse zimene munthu sanakhazikike, viza yake imakhala m'manja mwa wolemba nchito. Boma la Britain linanena kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda malaisensi opitilila 470 kwa makampani osamalila okalamba, ndipo anchito pafupi-fupi 39,000 anakhudzidwa. Laisensi ikalandidwa, wanchito amapatsidwa kawili-kawili masiku 60 kuti apeze wolemba nchito wina kapena acoke m'dziko. Munthu amene adziwa kuti kudandaula kungamucotsetse m'dziko amameza zambili mwakacetecete: maola ocepa, malipilo odulidwa, nyumba yothithikana. Zaka 5 za moyo wotelo ndi zolemela kale. Zaka 15 ndi katundu wina.

Mbali ziwili za mlandu

Tiyenela kuvomeleza kuti dziko lililonse lili ndi ufulu woika malamulo pa malile ake. Ifenso kuno tili nao. Boma la Britain likunena kuti anthu amene analowa pakati pa 2022 ndi 2024 ndi oculuka, ndipo onse akakhazikika nthawi imodzi adzakhala ndi ufulu wolandila thandizo la boma. Nkhawa imeneyo si yacabe. Si Britain yokha imene ikucepetsa. Canada, imene ili ndi njila ya Express Entry yopeleka cilolezo cokhazikika munthu asanafike n'komwe, inatsitsa ciwelengelo cake kufika pa 395,000 mu 2025 ndi 380,000 mu 2026.

Koma pali kusiyana pakati pa kuika lamulo latsopano kwa amene adzabwela mawa, ndi kusintha pangano kwa amene ali kale pakati pa ulendo. Anthu awa anaitanidwa pamene nyumba za okalamba zinalibe anchito. Anagulitsa mapuloti, ng'ombe ndi magalimoto podalila lonjezo la zaka 5. Ndiponso muyeso woyesa phindu la munthu ndi kukula kwa malipilo ake umaika pansi penipeni amene amasambika ndi kudyetsa okalamba a dzikolo. Ife tikuona kuti apa cilungamo capelewela.

Tisaiwalenso mbali yathu. Mu 2023 bungwe la World Health Organization linaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 amene ali ndi anchito a umoyo ocepa kwambili. Cifukwa ca ici, malamulo a Britain saloleza makampani kubwela kuno kudzakopa manesi, ngakhale kuti nesi payekha angafunsile nchito. Boma lathu linalemba anchito a umoyo opitilila 11,000 mu 2022, koma tikudziwa tonse acinyamata ophunzila amene akali pa nyumba. Malinga ngati nchito ndi zocepa kuno, anthu adzapitabe, ndipo sitiwaweluza.

Zoyenela kucita

Safunsa anadya phula. Amene mukuganiza zopita, onani coyamba ngati kampani imene ikukuitanani ili pa mndandanda wa olemba nchito a laisensi umene Home Office imafalitsa pa intaneti. Musalipile munthu aliyense kuti akugulitseni Certificate of Sponsorship. Malamulo a Britain amaletsa wolemba nchito kulipilitsa wanchito mtengo wa cikalataco. Funsani mafunso atatu musanasaine: kodi nchitoyi ili pa mlingo wa digili, kodi ilola banja kutsatila, ndipo kodi ifikitsa ku cilolezo cokhazikika pa zaka zingati?

Amene muli kale ku Britain, sungani mapepala onse a malipilo, makalata a nchito ndi masiku amene munatuluka ndi kulowa m'dziko. Ngati zaka zanu 5 zakwana, musazengeleze kufunsila. Uphungu mufunse kwa loya kapena kwa mlangizi wolembetsedwa ndi Immigration Advice Authority, osati kwa mnzanu wa pa WhatsApp. Dziwaninso kuti cilolezo cokhazikika cimatha mphamvu munthu akakhala kunja kwa Britain zaka zopitilila 2, koma unzika sutha motelo, ndipo kucokela mu 2016 malamulo a dziko lathu amalola munthu kukhala nzika ya Zambia ndi ya dziko lina pa nthawi imodzi.

Amene mwatsala kuno ndi ana, sungani malisiti a sukulu, makalata a aphunzitsi ndi a cipatala amene aonetsa dzina la kholo lili kunja, cifukwa tsiku lina angadzafunike ngati umboni. Ndipo mabanja akhale pansi, amuna ndi akazi, makolo ndi ankhoswe, akambilane poyela: ngati zaka zidzakhaladi 10 kapena 15, kodi tipitiliza motele, kapena tiika malile a nthawi yobwelela? Ndi funso lovuta, ndipo yankho la banja lina silingakhale la banja linzake. Koma ndi bwino kulifunsa tsopano, mwana akali ndi zaka 9, kusiyana ndi kudzalifunsa atakula kale.

Ife otsala m'mipingo, tiziwayendela agogo amene akulela adzukulu, tizifunsa za sukulu ya anawo, ndipo tisaganize kuti nyumba imene ilandila mapaundi ilibe cosowa. Tidzakudziwitsani boma la Britain likapeleka cigamulo cake.