Chifundo Chidapha Nkhwali

Galu akayamba kukodza pafupipafupi, movutikira, mwinanso mkodzo wosakanizika ndi magazi, eni ake ambiri amathamangira makapisozi amene adatsala podwala munthu m'nyumbamo. Ine ndikuti chifundo chotere n'choononga.

Kawirikawiri nthendayi imadza ndi tizilombo totchedwa E. coli, tochokera m'matumbo, timene timakwera kufikira m'chikhodzodzo. Agalu aakazi ndiwo amagwidwa kwambiri popeza njira yawo ya mkodzo ndi yaifupi. Kwa amphaka nkhani ndi ina: ambiri osakwana zaka 10 amavutika pokodza popanda tizilomboti, ndipo mphaka wamwamuna amene njira yake yatsekeka angafe m'masiku awiri kapena atatu, mwini wake ali kalikiliki kummwetsa makapisozi. Panado ndiye poizoni weniweni kwa mphaka.

M'chaka cha 2019 akatswiri a bungwe la ISCAID adalangiza kuti nthenda yongobwera kamodzi ichizidwe ndi mankhwala onga amoxicillin kwa masiku 3 mpaka 5, osati milungu iwiri monga kale. Ikamabwererabwerera, mkodzo upimidwe kuti gwero lake lidziwike. Muyeso woyenera amaudziwa ndi dokotala wa ziweto, ataona kulemera kwa chiwetocho.

Mankhwala operewera amangophunzitsa tizilombo kupirira, monga adachenjezera Alexander Fleming mu 1945, ndipo tizilombo topirirato tingamgwire mwana wosewera ndi galuyo. Inu aphunzitsi, auzeni ana anu kuti akanene kwawo: galu wodwala apite kwa dokotala wake.